Tchuthi cha Khrisimasi chafika: ma Girl Guides a pa Njuli atani?

Sukulu zikangotsekera mu Disembala, kaimeni pa siteji ya pa Njuli muone. Minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Zomba isanaime n'komwe, tiatsikana tafika kale pawindo, wina beseni la mango, wina mazira owiritsa, wina zitumbuwa. Ena mwa anawa sanakwanitse ndi zaka khumi zomwe. Kumbuyo kwawo malole onyamula miyala ya kwale akungodutsa, a kabaza a njinga zamoto nawo akulimbirana makasitomala, ndipo dzuwa likamapendeka nyimbo m'mabala zakwera kale. Umu ndi momwe ana aakazi ambiri a m'dera lino amathera tchuthi cha Khrisimasi.

Sindikunyoza geni ayi. Ambirife makope ndi yunifolomu zathu zinachokera m'beseni la zitumbuwa la amayi athu, ndipo mwana wophunzira kuwerengera chenji akadali wamng'ono sasowa pogwira akakula. Koma tiyeni tinene chilungamo. Pamsewu pamene pali makasitomala ndi pomweponso pali bambo uja wogula mango onse n'kumuuza mwana kuti chenji asunge, mawa abwerenso. Mwana wa zaka 11 sadziwa kuti chenji chotere chimadzafunidwa tsiku lina. Tchuthi cha Disembala masiku ano n'chachifupi, masabata awiri kapena atatu, kusiyana ndi kale pamene chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale. Komabe funsani aphunzitsi, akuuzani kuti sukulu ikatsegulira pamakhala mayina ena m'kaundula amene sayankhidwa.

Nkhani ya sabata ino ndi ya inu makolo amene ana anu ali m'gulu la Girl Guides, kaya kusukulu kaya kumpingo, komanso amayi amene mumatsogolera maguluwa. Vuto lomwe ndimaliona ndi ili: gulu limayenda bwinobwino teremu yonse, koma belu lotsekera likangolira nalonso latsekera. Aphunzitsi oliyang'anira apita kwawo kukadya Khrisimasi, masikafu alowa m'chikwama, tidzaonana Januwale. Chonsecho iyi ndiye nyengo imene mtsikana amasowa pokhala pabwino kuposa ina iliyonse. Kusukulu amatetezedwa ndi belu ndi kaundula. Nanga patchuthi amuyang'anira ndani, inu muli kumunda kapena kuntchito ku Limbe?

Mwina ena mumangoona mwana akumanga kasikafu m'khosi osadziwa kuti zinachokera kuti. Mu 1909 msilikali wina wa ku Britain, Robert Baden-Powell, anasonkhanitsa anyamata a Scout pamalo otchedwa Crystal Palace mu mzinda wa London. Pamsonkhanowo panatulukira atsikana omwe sanaitanidwe, n'kunena kuti nawonso ndi ma Scout. Chaka chotsatira, mu 1910, gulu la Girl Guides linayamba, ndipo woyamba kulitsogolera anali mlongo wake, Agnes Baden-Powell. Mu 1914 panayambanso gulu la ana ang'onoang'ono lomwe pambuyo pake linatchedwa Brownies, la atsikana a zaka 7 mpaka 10, ndipo mu 1928 maiko anagwirizana n'kukhazikitsa bungwe la ma Guide la padziko lonse. Kuno kwathu gululi linafika dziko lino likutchedwa Nyasaland, koma linazimiririka m'nthawi ya chipani chimodzi pamene nkhani za achinyamata zinali m'manja mwa a Malawi Young Pioneers. Linadzukanso ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, ndipo lero limayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Girl Guides Association, MAGGA mwachidule. N'chifukwa chake mupeza agogo ena okalamba akuzidziwa za ma Guide kuposa ana awo. Pali m'badwo wapakati umene unakula osaziona.

Chinthu chimodzi chimene ndimachikonda pa kayendetsedwe ka gululi n'chakuti atsikana amagawidwa m'timagulu ta anthu 6 mpaka 8, ndipo kagulu kalikonse kamakhala ndi mtsogoleri wake, mtsikana mnzawo. Ndiye kuti aphunzitsi akachoka, gulu siliyenera kufa. Chofunika ndi amayi awiri odalirika a m'mudzi momwemo amene agwirizana ndi mtsogoleri wa gulu sukulu isanatsekere, auzidwa zochita, ndipo apatsidwa kaundula wa mayina. Amayi a mother group a pasukulupo ndi oyamba kuwafunsa, chifukwa ana amawadziwa kale.

Tsono pakhomo pamabuka mkangano, ndipo sitingaulambalale. Bambo amati Disembala ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza, mwana akathandize kumunda, zoimbaimbazo adzachita Januwale. Mayi nawo akufuna wolera khanda. Sakulakwa. Munda ukapanda kupaliridwa mwezi uno banja lonse lidzagona ndi njala. Koma kodi kumunda timapita nthawi yanji? Timalawirira m'mamawa, pofika masana tabwerako. Gulu likakumana kawiri kapena katatu pasabata, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, khasu silinaphonye kanthu. Tchuthi chonse ndi mikumano isanu kapena isanu ndi umodzi basi. Sankhaninso masiku mwanzeru. Ku Chiradzulu kuno tili osakanikirana: Lachisanu ena ali kumzikiti, Loweruka ena akusunga Sabata, Lamulungu ena ali kutchalitchi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi palibe amene angadandaule. Ndipo poti mvula ya Disembala imakonda kugwa masana, pemphani kalasi imodzi kwa a hedi, kapena khonde la tchalitchi, sukulu isanatseke. Mukadikira, mudzapeza makiyi apita kumudzi ndi eni ake.

Pali malamulo angapo amene sindingagonjepo. Pamkumano uliwonse pakhale amayi awiri, osati mmodzi. Mwamuna asatsale yekha ndi anawo, kaya ndi abusa, kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi bambo wa mmodzi mwa iwo. Wabwino sangakhumudwe ndi lamuloli, amene angakhumudwe ndiye mumuyang'ane bwino. Mayina aitanidwe pofika ndi pochoka. Ana abwerere kwawo m'timagulu dzuwa likanalipo, ndipo amene akuoloka msewu wa Zomba aolotsedwe ndi wamkulu. Zogona kunja, za kampu zija, zisiyeni kaye. Mvula, udzudzu ndi kuledzera kwa nyengo ino sizilola.

Tibwere tsopano pa zochita zenizeni. Ine ndikadayamba ndi mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho tchuthichi chimagwera pachiyambi penipeni. Anthu a ku Chiradzulu safunika kuwalalikira za kuipa kwa phiri lopanda mitengo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe m'boma lomwe lino. Sindikunena kuti mitengo ikadaletsa mvula ngati ija. Koma nthaka yopanda mizu yoigwira imagonja msanga, ndipo ana amene ali mu Brownies lero anaziona zimenezi ndi maso awo kapena anazimva kwa abale awo.

Kulakwitsa kwathu pobzala mitengo n'kofuna chiwerengero. Timabzala mazana tsiku limodzi, kujambulitsa, kuwomba m'manja, basi. Pofika Okutobala palibe ndi umodzi womwe. Kwa ana chitani zosiyana: mtsikana mmodzi, mtengo umodzi, ndipo mtengowo ukhale ndi dzina la mwini wake pakathabwa kapena pamwala. Mbande funsani kwa alangizi a zankhalango kapena ku makalabu a m'midzi amene ali ndi nazale. Kwa mwana ndi bwino mtengo wa zipatso, mango, gwafa, peyala kapena papaya, chifukwa amaona phindu lake. Papaya ndiye sachedwa n'komwe kubereka. Pakakhala malo otakasuka onjezerani mbawa kapena msangu. Dzenje la mtengo wa zipatso likhale lalikulu, pafupifupi masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo apa mpamene abambo mungathandize, chifukwa mwana wa zaka 8 sangakumbe yekha. Dothi lapamwamba liikidwe padera, lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino, libwerere m'dzenje loyambirira. Chubu cha pulasitiki chija ching'ambidwe n'kuchotsedwa. Musaseke, alipo akuluakulu amene amabzala mtengo ndi chubu chake chomwe, kenako n'kumadabwa kuti sukukula. Bzalani nthaka itanyowa, makamaka chakumadzulo dzuwa litazizira.

Mdani wamkulu wa kamtengo si chilala koma mbuzi. Nyengo ino mbuzi zili pachingwe, koma tikangokolola zimamasulidwa, ndipo ndi pomwe mitengo imathera. Choncho ntchito ya tsiku lachiwiri ikhale yomanga kampanda ka minga kapena ka nsungwi. Za malo kambiranani kaye ndi a hedi kapena amfumu. Mtengo wobzalidwa m'malire mwa munda wa eni umadzasanduka mlandu ukayamba kubereka. Kwa amene kwawo kuli kotsetsereka, kagulu ka atsikana okulirapo kakhoza kubzala udzu wa vetiva motsata akalozera, n'kumadzaona momwe dothi likuunjikana pamenepo mvula ikagwa.

Chachiwiri ndi zaumoyo, ndipo apa itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzakuthandizeni tsiku limodzi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira kamba ka matendawa. Pakhomo amene amatunga madzi, kutsuka mbale ndi kusintha thewera la khanda nthawi zambiri ndi mtsikana yemweyu. Ndiye kumuphunzitsa iye n'kuteteza nyumba yonse.

Kagulu kalikonse kapange mpondagiya. N'zosavuta: mitengo iwiri ya mphanda, mtanda pamwamba, kagaloni kobooledwa ndi msomali wamoto, chingwe chochokera kukamwa kwa kagaloniko kufika pa kamtengo kopondapo pansi. Ukaponda, kagaloni kapendekeka, madzi atuluka, manja osakhudza chilichonse. Pambali pakhale sopo, akasowa phulusa. Pansi thirani timiyala kuti pasachite matope, ndipo pa Njuli timiyala ndiye sitisowa. Mwana akapanga wa pagulu, akapangenso wina kunyumba pafupi ndi chimbudzi. Aphunzirenso kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Paketi ikasowa usiku, timasupuni 6 tating'ono ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi zimathandiza wotsegula m'mimba panjira yopita kuchipatala. Tsindikani mawu akuti panjira. Madzi amenewa si olowa m'malo mwa dokotala.

Chithandizo choyamba ana amachikonda chifukwa amachita ngati sewero, wina wodwala, wina namwino. Wapsa ndi moto kapena phala, malowo athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira monga tinazolowera. Wa kamfuno aweramire kutsogolo n'kutsina mphuno kwa mphindi 10, osagadamitsa mutu. Wolumidwa ndi njoka asathamange, pabalapo pasatemedwe kapena kuyamwidwa, aitane akuluakulu amunyamule kupita kuchipatala. Zitatu zokhazi mwana akazigwira, mkumanowo sunapite pachabe.

Tsiku lina likhale la masanje. Inde, masanje omwe aja tinkachita tikakolola, kumanga timisasa n'kumaphika m'timiphika. Ana a lero ambiri sawadziwa, amadziwa mafilimu a pafoni ndi ku vidiyo sho. Kusiyana kwake n'kwakuti apa pakhale mpikisano. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kagulu kalikonse kayese kukonza mbale yokhala ndi magulu onsewa pogwiritsa ntchito zopezeka m'mudzi mwezi uno. Nsima ya mgaiwa, usipa pang'ono kapena dzira, kapenanso ngumbi zikatuluka, nandolo wouma yemwe Chiradzulu imadziwika naye, nkhwani kapena bonongwe, bango limodzi, ndi supuni ya mafuta. Oweruza akhale agogo awiri a m'mudzimo, mudzaseka. Pa zotsekemera ndingasankhe chigumu kusiyana ndi mandasi: ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa, soda pang'ono ndi kamchere, moto pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Sichimwa mafuta, ndipo palibe chiwaya cha mafuta owira pakati pa ana ang'onoang'ono. Bowa yekha ndiye ayi. Ana asatumidwe kukazula bowa, ngakhale atanena kuti amamudziwa. Wakupha ndi wodyedwa amafanana moti ngakhale akuluakulu amasokonezeka.

Pa masanjewa mpamene nkhani ya ndalama imalowera, ndipo magulu ambiri amasweka pamenepa. Musaike msonkho wa ndalama. Disembala mpaka Febuluwale ndi miyezi imene m'nkhokwe zambiri mumakhala mutayera, ndipo kandalama kalikonse kapita ku feteleza. Mukati aliyense abweretse ndalama yakuti, amene atsale kunyumba ndi mwana wamasiye uja, yemwe ndiye amafunika gululi kuposa onse. Aliyense abweretse chimene chilipo. Wina kapu ya ufa, wina nthochi, wina masamba, ndipo wopanda kanthu abweretse nkhuni kapena chidebe cha madzi, zilembedwe m'buku mofanana ndi zinazo. Bukulo asunge ndi mtsikana, osati mayi. Kumeneko ndiye kuphunzira kusunga chuma kwenikweni, ndipo tsiku lina adzakhala mlembi wa banki m'khonde.

Nyengo ino ana athu anazolowera kutambasula dzanja n'kumapempha Khrisimasi bokosi kwa aliyense wodutsa. Ine mchitidwe umenewu sundisangalatsa, makamaka kwa mwana wamkazi, chifukwa umamuphunzitsa kuti kulandira ndalama kwa munthu wosamudziwa n'kwabwinobwino. Ma Guide amalonjeza kuthandiza ena, ndiye tembenuzani zinthu. M'mudzi uliwonse muli agogo okhala okha, ena akulera zidzukulu zamasiye. Pitani kaye kwa amfumu akuuzeni nyumba ziwiri kapena zitatu, ndipo eni nyumbawo afunsidwe ngati akufuna alendo. Kagulu kakafika, wina asese, wina atunge madzi, wina atsuke ziwiya, wina azule udzu panjira ya kuchimbudzi. Osanyamula zinthu zambiri, osajambula zithunzi zokaika pa Facebook ngati kuti umphawi wa munthu ndi chionetsero. Akamaliza akhale pansi amve nthano ndi ndagi. Pali phindu lina lobisika apa. M'midzi mwathu okalamba ambiri amanenedwa za ufiti, ena mpaka kumenyedwa kapena kuphedwa kumene. Mwana amene wadya mango pakhonde pa agogo aja n'kuseka nawo, mawa sangatole mwala wina akayamba kuloza chala.

Tsiku la mvula yosakata, tulutsani ndalama ziwiri zapepala, K200 ndi K500, muziike patebulo n'kufunsa kuti anthu awa ndani. Wa pa K500 amudziwa msanga, ndi John Chilembwe, mwana wa boma lomwe lino, amene anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900 n'kuukira atsamunda mu Januwale 1915. Koma wa pa K200 ambiri angoti kakasi, ngakhale amamugwira tsiku ndi tsiku pogulitsa mango. Ameneyo ndi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu wa dziko lino m'zaka za m'ma 1950. Mu 1959 atsamunda anamumanga ali ndi khanda, n'kukhala nalo m'ndende. Anadzakhala phungu woyamba wamkazi, kenako mkangano wa nduna wa 1964 utabuka anathawira ku Zambia komwe anakhala zaka pafupifupi 30. Anamwalira mu 2016. Mtsikana akamva nkhani imeneyi, K200 ija saionanso chimodzimodzi.

Ku PIM nakonso kuli nkhani ya amayi imene sitiikamba kawirikawiri. Mu 1902 kunafika mayi wina wachikuda wochokera ku America, Emma DeLany, amene pamodzi ndi Ida, mkazi wa Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Mmodzi mwa ana amene mayiyu anawaphunzitsa, Daniel Malekebu, anamutsatira mpaka ku America, n'kubwerako ali dokotala, ndipo ndiye anatsegulanso mishoniyo mu 1926. Ngati makolo angakwanitse thiransipoti yodalirika, ulendo wa tsiku limodzi wokaona ku Mbombwe ndi wabwino, ndipo ana adzafika pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, akudziwa chomwe akupumulira. Koma osawapanikiza ana makumi awiri kumbuyo kwa kalole m'misewu yoterera. Ndalama zikavuta, ulendowo udikire chilimwe.

Nkhani ya kusokayi ikupatseni poyambira. Singano, ulusi ndi mabatani sizidula kwenikweni. Aliyense abwere ndi yunifolomu yake ya sukulu, aphunzire kubwezera batani, kusoka mpendero wophwasuka ndi kuika chigamba. Sukulu ikamatsegulira yunifolomu ili bwino, ndipo bambo aja ankakana aona okha kuti telala sanadye ndalama yawo. Atsikana okulirapo, amene anatha msinkhu kapena ali pafupi, aphunzire paokha kusoka mapadi ochapa a nsalu. Timachita manyazi kuzinena, koma alipo ana amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa kansalu koyenera.

Za masewero sindichulukitsa, ana amadziwa kuposa ife. Phada, fulaye, jingo, chipako, ndi mpira wa manja kapena wa miyendo, ngakhale wa majumbo womanga okha. Wina akanena kuti mpira si wa atsikana, mukumbutseni kuti Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney mu 2015, ndipo Temwa Chawinga anatenga ulemu ngati womwewo mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Chokhacho, kukayamba kung'anima ndi kugunda, masewero athe pomwepo, ana alowe m'nyumba. Asabisale pansi pa mtengo wautali woima pawokha. Ndipo auzeni mobwerezabwereza za maenje odzaza madzi, kaya a kwale kaya oumbira njerwa, ndi timitsinje todzaza. Pamwamba madzi amaoneka odekha, pansi mpozama ndi poterera.

Chomwe chimafuna mtima kwambiri ndi kucheza kwa pamphasa. Gawani ana, ang'ono paokha, akulu paokha, chifukwa zomuuza wa zaka 7 si zomuuza wa zaka 14. Ang'ono adziwe kuti thupi lawo ndi lawo, kuti palibe wamkulu wololedwa kuwagwira malo obisika, ndi kuti mphatso iliyonse imene wopereka akuti usakanene kunyumba ndi yofunika kukanena tsiku lomwelo. Akuluwo auzeni mosapsatira za mimba, za matenda, ndi za lamulo. Kuyambira mu 2015 lamulo la maukwati limati munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko lino kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Nyengo ya Khrisimasi ndi pamene anyamata ndi abambo ochokera kutauni ndi ku Joni amafika ndi mafoni ndi tindalama, ndipo ndi pamene makolo ena osauka amayesedwa. Mwana aliyense aloweze nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana amene akuzunzidwa.

Koma makolo, zonsezi n'zachabe ngati mwana akabwera kudzakuuzani inu mumayamba ndi mbama. Mwana womenyedwa chifukwa chonena zoona sadzanenanso. Mumvereni mpaka amalize, ngakhale dzina limene watchula ndi la mlamu wanu kapena la munthu wolemekezeka kumpingo. Nkhani yogwirira mwana si yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi. Ndi ya kuchipatala mwamsanga, ndi kupolisi, kunthambi yothandiza ozunzidwa. Amayi otsogolera gulu nanunso, mwana akakuululirani zotere musamulonjeze kuti mubisa. Muuzeni kuti mukauza okhawo amene angamuthandize.

Pa tsiku la Khrisimasi lenilenilo ndi pa Nyuwere gulu lisakumane. Amenewo ndi masiku a banja, mpunga ndi nkhuku kwa amene zawayendera, ndipo kumbukirani kuti si ana onse a m'gulu amene amakondwerera Khrisimasi. Komabe tikudziwa zimene zimachitika akadya: ana avala zatsopano, apatsidwa kandalama, ulendo wa pamsewu kukaonetsa zovala mpaka mdima. Pamkumano womaliza Khrisimasi isanafike, gwirizanani ndi anawo kuti ofuna kupita ku sitolo apite m'kagulu, ndi wamkulu mmodzi, ndipo 4 koloko ikamakwana akhale ali pakhomo. Madalaivala ena tsiku limenelo amakhala atalawa. Abambo, ngati pali tsiku limodzi pachaka loti muyende ndi mwana wanu wamkazi n'kumugulira fanta ndi dzanja lanu, ndi limeneli. Anzanu a ku bawo adikira.

Sukulu ikatsegulira mu Januwale, amayi awiri aja abwezere kaundula kwa mtsogoleri wa gulu, ndipo akhale naye pansi n'kuyerekeza mayina a m'bukumo ndi ana amene afika m'kalasi. Dzina likasowa, musadikire kuti teremu ifike pakati. Funsani atsikana a m'kagulu kake, amadziwa zambiri kuposa momwe timaganizira. Sabata yomweyo amayi awiri a mother group apite kwawo kwa mwanayo, osati ndi ukali, akamve ngati vuto ndi yunifolomu, matenda, ganyu ya kumunda, kapena ngati pali munthu amene wayamba kale kukambirana ndi amalume ake.